Tsiku Limene Che Mkwanda Anadzera Talaka

Che Mkwanda anafika pakhomo pa Shehe Kaisi Lachitatu masana, titangotuluka kumene mumzikiti. Ine ndinali pomwepo pakhonde. Dzina langa ndi Rajabu, ndimaphunzitsa madrasa pamzikiti wathu wa pa Ntaja, ndipo ana asanabwere ndimakonda kukhalako pang'ono ndi Shehe, amene ndi mphunzitsi wanga. Tsikulo Shehe anali pamkeka, lichero pamiyendo, akusenda nandolo wamuwisi, chifukwa zala za mayi akunyumba kwawo zinali zitatupa ndi nyamakazi.

Kwa amene simukuwadziwa, Che Mkwanda ndiwo eni ake a sitolo ziwiri zogulitsa zipangizo za njinga zamoto pamsika paja. Si munthu woipa ayi, ndinene chilungamo. Swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, saphonya, ndipo dzanja lawo ndi lopatsa. Vuto lawo ndi limodzi: nkhani iliyonse, ngakhale iyambire pa mvula ya ku Nsanje, imakathera pa iwo. Ukangolakwitsa kuwauza kuti dzino likukuwawa, khala pansi umve mbiri ya dzino lawo lomwe anakazulitsa ku Zomba. Pafoni pawo chithunzi chimasintha katatu patsiku, koma munthu wa pachithunzipo sasintha.

Anapereka salamu, Shehe anayankha n'kuwalozera mpando. Iwo anayamba aupukuta kaye ndi mpango asanakhalepo.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani yolemera," anatero. "Ndipo zakhala bwino kuti ndawapeza Mwalimu pano, akhala mboni. Ndikufuna kupereka talaka kwa Abiti Sumani. Ukwati uthe."

Mwalimu amene amanenayo ndi ine. Abiti Sumani ndi mayi wofatsa, wabereka nawo ana anayi, ndipo awiri mwa anawo amakhala patsogolo panga m'kalasi tsiku lililonse. Ndinachita mantha kuti dzina langa likhala pa chinthu chimene chidzawaliza anawo moyo wawo wonse.

Shehe sanaleke kusenda nandolo. Anafunsa mofatsa kuti, "Mawuwo mwawatchula kale kwa mayiwo?"

"Ayi. Ine sindichita zinthu mwachibwana. Ndikufuna zichitike pamaso panu, mwadongosolo, kuti mawa munthu asadzanene kuti Mkwanda analakwitsa."

"Alhamdulillah," anatero Shehe. "Ndiye kuti palibe chomwe chasweka. Tiuzeni, bambo, chachitika n'chiyani?"

Che Mkwanda anakonza chisoti chawo n'kuyamba. Anati kwa masabata asanu ndi awiri tsopano mayiwo asintha. Lachiwiri lililonse ndi Loweruka lililonse amanyamula kachikwama ndi mbale zovundikira n'kukwera galimoto ya ku Liwonde, ndipo amabwerako madzulo maso ali ofiira. Akamayankhula pafoni, iwo n'kulowa, mayiwo amadula. Tsiku lotsegulira sitolo yachiwiri, anthu anabwera kuchokera ku Balaka, ena ku Mangochi, koma mkazi wawo weniweni sanaoneke. Chithunzi cha tsikulo atawaonetsa, anangochiyang'ana kamodzi n'kubweza foni osanena kanthu.

"Kawiri konse ndapeza mkanjo wanga wosasita tsiku la Ijumaa, la mapemphero a Lachisanu," anapitiriza. "Ine, Shehe. Munthu amene anthu amandiyang'ana ndikamalowa. Poyamba ndimati ndi nsanje chabe poona kuti Mulungu wandikweza. Koma tsopano ndadziwa kuti ku Liwondeko kuli mwamuna."

"Mwamuona?"

"Sindifunika kumuona. Ntaja yense akudziwa."

"Wakuuzani ndani kuti akudziwa?"

Apa kwa nthawi yoyamba ndinawamvera chisoni Che Mkwanda. Munthuyu analidi pamavuto, moti masaya anali atalowa.

"Ndikamatuluka mumzikiti, anthu amandigwira dzanja n'kumati pepani. Ena amati Mulungu akupatseni mtima wopirira kunyumbako. Dzulo mayi wina wogulitsa tomato, amene sindinayankhulanepo naye, wandiuza kuti pepanitu bambo, tamva. Tamva chiyani? Shehe, ndasanduka choseketsa cha pamsika. Akundipepesa pamaso, kumbali akundiseka. Chakudya sichikulowa. Ndikamayenda ndimamva maso a anthu pamsana panga."

Shehe anaika lichero pambali n'kupukuta manja. Shehe Kaisi ndi munthu wamng'ono thupi, wa mawu otsika, moti akamayankhula umachita kusendera pafupi. Anaphunzira zaka zambiri kunja, koma sudzawamva akutchula zimenezo.

"Ndiloleni ndifunse mafunso ochepa, bambo, kuti ndimvetse bwino. Mayi akamanyamuka amati akupita kuti?"

"Amati ku Liwonde."

"Kukatani?"

"Sanena."

"Inu munafunsapo?"

"Bambo wa pakhomo azichita kufunsa? Iwo ndiwo ayenera kunena."

"Chabwino. Nanga amene amakupepesaniwo, munamufunsapo mmodzi kuti akupepesa chiyani?"

"Ndifunse kuti andiuze manyazi anga pamaso? Ndimangoti zikomo n'kudutsa."

Shehe anagwedeza mutu ngati akuvomereza. Kenako anafunsa funso lomwe ine ndinaona ngati latuluka m'njira.

"Mukulikumbuka Lachisanu lija munabweretsa makapeti atsopano mumzikiti?"

Nkhope ya Che Mkwanda inawala nthawi yomweyo, mavuto onse anayamba aima kaye. Anati akulikumbuka bwino lomwe. Anafotokoza kumene anawagula, mmene anawasankhira mtundu wake, ndi mmene galimoto inavutira panjira. Pomaliza anati, "Ndipo poti mwayambitsa nokha, Shehe, ndinene. Tsikulo ndinadikira mpaka kumapeto kuti mutchule dzina langa. Munalitchula, inde, koma mothamanga. Ena akumbuyo sanamve."

"Mundikhululukire pa chimenecho," anatero Shehe. "Ndisanafike pa makapeti, ndinalengeza chiyani?"

Che Mkwanda anaganiza. "Munalengeza zina ndi zina. Mwina za maliro."

"Sanali maliro."

"Kapena za mwezi."

Shehe anatembenukira kwa ine. "Mwalimu, akumbutseni. Munalipo."

Ndinali nditazindikira kale kumene nkhani ikupita. Ndinati, "Che Mkwanda, Shehe analengeza za Idirisa, mlamu wanu, mchimwene wa Abiti Sumani. Uja amayendetsa njinga ya kabaza ku Liwonde. Anawombedwa ndi lole, anathyoka chiuno ndi mwendo, ndipo ali gone kuchipatala mpaka lero. Tinakweza manja tonse kumupempherera duwa. Inu munali pamzere woyamba. Amina wanu ndi amene anamveka kuposa wa aliyense."

Nkhuku inadutsa pakhonde n'kutola nandolo mmodzi, palibe anaiingitsa.

"Idirisa," anatero Che Mkwanda pang'onopang'ono. "Mayi anandiuzadi tsiku lina kuti Idirisa wagwa panjinga."

"Inu munati chiyani?" anafunsa Shehe.

"Ndinati kugwa panjinga si nkhani. Ndinawauza mmene inenso ndinagwera chaka chija pa mlatho, n'kuwaonetsa chipsera pachigongono. Iwo sanapitirize."

"Idirisa alibe mkazi," anatero Shehe. "Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi Abiti Sumani. Masiku awiri pasabata amapita kukamuchapira ndi kumudyetsa, kuti mng'ono wawo amene akumudikirira kuchipatalako apumeko. Tsiku lotsegulira sitolo yanu ndi tsiku limene madokotala amamuika zitsulo m'mwendo. Sindikuulula chinsinsi cha munthu. Zonsezi zinanenedwa pagulu, ndipo amayi a pamzikiti pano amasinthana kuwaperekeza. Anthu akamati pepani, akupepesa matenda a mlamu wanu, monga timachitira tonse pakhomo pakagwa matenda."

Che Mkwanda anavula chisoti n'kuchigwira m'manja. Sindinawaonepo mutu uli pamtunda chiyambire.

"Ndiye kuti ku Liwonde kulibe mwamuna?"

"Mwamuna aliko," anatero Shehe. "Wagona chagada, sangathe ngakhale kutembenuka yekha."

"Nanga foni amaduliranji ndikalowa?"

"Mwina anatopa kumva za chigongono chanu."

Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Shehe sananene mwachipongwe ayi, ananena mwaulemu wonse, ndipo n'chifukwa chake zinalowa.

"Ndipo anthu," anafunsanso Che Mkwanda, mawu ali pansi, "sakundiseka?"

"Bambo, mayi wa tomato uja atakupepesani anabwerera pa tomato wake. Ali ndi ana ofuna kudya, ali ndi msana womuwawa. Wina aliyense pamsika paja wasenza zake. Ndikukutsimikizirani kuti palibe munthu pa Ntaja pano amene amatha tsiku akuganiza za Che Mkwanda, kupatula Che Mkwanda. Musamve ngati ndakunyozani. Ndi chifundo cha Mulungu chimenecho. Tikanakhala kuti aliyense amatiyang'ana mmene timaganizira, palibe akanatha kutuluka m'nyumba."

Che Mkwanda anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba la chimanga. Kenako anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi, mapewa akugwedezeka. Ankangoti, "Alhamdulillah, Alhamdulillah, ndikanataya mkazi wanga." Ndinene poyera kuti inenso ndinamasuka kwambiri. Ndinathokoza Mulungu kuti munthuyu kukonda kwake dongosolo ndi mboni n'kumene kunamuletsa kutchula mawu aja kunyumba ali yekha ndi mkwiyo. Pomwepo ndinakumbukiranso kuti ineyo, amene ndimawaseka mumtima, sindinapondeko kuchipatala kukamuona Idirisa ngakhale kamodzi, ndipo kuseka kwanga kunachepa.

Shehe anawapatsa madzi m'kapu. Atamwa, Che Mkwanda anavalanso chisoti, anawongola msana, ndipo ndinaona mphamvu zikubwerera. Zinabwerera mwamsanga kuposa mmene ndimayembekezera.

"Shehe, ndalakwa, ndipo ine ndikalakwa sindibisa," anatero. "Anthu amandidziwa choncho. Lachisanu likubwerali mundipatse mpata ndiimirire pamaso pa mzikiti wonse, ndipepese kwa mkazi wanga, aliyense amve. Loweruka ndikonza galimoto, tidzadze zakudya, tipite kuchipatala gulu. Tikajambule zithunzi ndili pambali pa bedi la mlamu wanga, kuti amuna ena atengerepo phunziro. Ndipo ngati pali masiku oti ndisale kudya, nenani, kaya khumi kaya mwezi, ine ndikwanitsa."

Ndinayang'ana Shehe. Anali atatenganso lichero lawo.

"Mulungu alandire cholinga chanu chabwino," anatero. "Koma mukaimirira Lachisanu, anthu adzatuluka akukamba za ndani?"

"Za kudzichepetsa kwanga."

"Ndi zimenezotu. Abiti Sumani adzakhala kuseri kwa katani, kumbali ya amayi, akumva mzikiti wonse ukuuzidwa kuti mwamuna wawo amawaganizira za chiwerewere. Pakali pano amene akudziwa zimenezi ndi anthu atatu, ndipo Mwalimu ndi ine tatseka pakamwa mpaka inu nomwe mudzatimasule. Kuchipatala mupite, inde, koma foni ikakhale m'thumba. Wodwala wa chiuno safuna gulu. Amafuna munthu mmodzi womuthandiza kutembenuka."

Nkhaniyi ndailemba chifukwa patapita nthawi banjalo linandilola, ndipo mayina ndasintha. Koma tsikulo Che Mkwanda anaoneka osokonezeka, ngati munthu amene amulanda ntchito asanaiyambe.

"Ndiye ndichite chiyani, Shehe? Cholakwa chachikulu chonchi chikufunika chinthu chachikulu."

"Mukafika kunyumba madzulo, mayi amakulonjerani?"

"Tsiku lililonse. Amati mwaswera bwanji."

"Inu mumayankha chiyani?"

"Ndimawauza mmene ndaswerera. Malonda, makasitomala, zonse. Sindiwabisira kanthu."

"Mukamaliza?"

Che Mkwanda anaganiza pang'ono. "Ndikamaliza madzi osamba amakhala atafika kubafa."

Shehe anaika nandolo womaliza m'lichero, n'kuwayang'ana m'maso mwachikondi.

"Moni wathu uli ndi mbali ziwiri, bambo, ndipo inu mwakhala mukupereka imodzi. Lero akakufunsani, munene kuti ndaswera bwino, basi, kenako muwonjezere mawu awiri aja amene makolo anu anakuphunzitsani: kaya inu. Mukatero mutseke pakamwa. Akayamba kulira, musawauze za tsiku limene inu munalirapo. Akakhala chete, musathamangire kudzaza cheteyo. Munthu amene wakhala nthawi yaitali osafunsidwa, yankho lake limachedwa kutuluka. Musachoke pampando lisanatuluke."