Mlendo Wogogoda M'injini

Kuseri kwa phiri, kumene tala amathera n'kuyamba matope, kunali bambo wina wogula ndi kugulitsa mbuzi. Dzina sinditchula. Ena mwayamba kale kutembenuka kuyang'ana anzanu. Khalani bwino, si wa mpingo uno.

Bamboyu pansi pankamuwotcha. Akakhala pa mpando, mwendo unkangonjenjemera ngati wa telala pa makina. Ku maliro ankafika mochedwa, n'kuchoka manda asanakwiriridwe. Ku tchalitchi malo ake anali pakhomo penipeni, kuti Ameni akamamveka iye ali kale pa msewu.

Mkazi wake, Nachisale, anali woyembekezera. Mudzi wawo unali kutsidya kwa dambo, kumene mvula ikagwa galimoto siifika. Mimba yoyamba inapita padera mayiyu ali pa machira, denga la chipatala likuonekera chapatali. Chilonda chimenecho chinali chisanapole m'nyumbamo.

Tsiku lina bamboyu anamva kuti mlangizi wa zaulimi wina wopuma pa ntchito akugulitsa njinga yake yamoto. Osati timithuthuthu ta kabaza iti, ayi. Zija za miyendo italiitali, matayala a mano ngati ng'ona, zoyenda pa tala ndi m'matope momwe. Anagulitsa mbuzi, nauyatsa ulendo.

Mlangizi uja anaisisita njingayo ngati akutsanzikana ndi mwana.

"Achimwene, iyi yakalamba koma siinama. Oyilo muzisintha, tcheni muzidzoza. Ikayamba kulankhula, muziima n'kumvetsera."

"Ndamva, ndamva," anatero bamboyu, phazi lili kale pa kiki yolizira injini.

Anamva chiyani? Fumbi lokha kobo!

Atafika kwawo analiza hutala mpaka nkhuku kubalalika. "Nachisale, tuluka uone ambulansi yako! Za machira zija zatha."

Mayiyu anasekerera, mtima unakhala pansi. Ngakhale miyezi itayandikira, atapempha kuti akakhaliretu kuchipatala monga amachitira anzake, mwamunayo anangoti, "Ukadikire chiyani kumeneko, njinga ili pakhomo?"

Koma pakhomopo inkakhalapo liti? Lero ili ku msika uwu, mawa ku msika uwo. Lachiwiri kumbuyo kwake kunkakhala mbuzi yomangidwa miyendo. Lachisanu, akuti, kunkaoneka chitenje chosakhala cha Nachisale, mwini wake atagwira m'chiuno mwamphamvu ngati msewu wonse ndi mabampu. Ine sindinaone, ndinangomva, ndipo m'nyumba ya Mulungu sitikamba za eni.

Kutsuka kokha ankaitsuka, zimenezo tisamunamizire. Sopo, chiguduli, magalasi kuwala ngati maso a mphaka. Kumbuyo analembetsa ndi penti wofiira kuti ZONSE NDI NTHAWI. Koma nthawi yosintha oyilo sinapezeke. Oyilo uja anada bii, nayamba kuchepa.

Ndiye m'injini munayamba kamawu. Go. Go. Go. Pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mkamwini pakhomo pa apongozi.

Woyamba kukamva anali Nachisale, akupeta mphale pakhonde.

"Abambo, m'njinga mwanumu muli mlendo. Akugogoda. Simumuuza odini?"

"Ndi kamwala ako, kagwa kokha."

Kamwalako sikanagwe. Mawa lake go go go. Mkuja go go go. Bamboyu anayamba kukamva ngakhale ali pansi akutsutsana mtengo wa mbuzi. Mtima unkamuuza zoona, koma miyendo inkamuyabwa.

Tsiku lina anaima kwa makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, injini osazimitsa. Makaniko anatchera khutu, napukusa mutu.

"Bwana, isiyeni pano lero tiitsegule. Mawa mudzaitenga ili bwino."

"Tsiku lathunthu? Ine ndikhale pansi ngati wodwala?"

Tsono pafupi ndi mtengo wa mangowo panali kaokala kogulitsa mawailesi ndi masipika. Bamboyu anayang'ana kwa makaniko. Anayang'ana ku okala. Kuno akuti dikira, uko nyimbo zikuti gwedeza. Inu mukuganiza analowera kuti?

Anagula sipika, naimangirira pa chiwongolero ndi mphira. Atatsegula nyimbo, kugogoda kuja zii. Anafika kunyumba mano onse pamtunda.

"Nachisale, mlendo wako uja wapita!"

"Wapita, kapena mwamutsekera kunja?"

Kuyambira pamenepo bamboyu ankayamba kutsegula nyimbo asanalize injini. Kugogoda kukakula, iye ankakweza sipika. Kukakulanso, kukwezanso. Mudzi wonse unkadziwa kuti akubwera iye asanawoloke dambo. Koma mawondo ake, ogunda ku thanki, ankamva chimene makutu ankakana. Nchifukwa chake sankaima. Munthu wothawa mawu sakhala pansi.

Tsiku lija linafika m'mawa wina wa dzinja, mvula itavumba mpaka nthaka kukhuta. Apongozi, mayi ake a Nachisale, anaima kumbuyo kwa nkhokwe monga mwa ulemu, koma mawu awo analibe ulemu.

"Akamwini, matenda ayamba! Tulutsani chinjinga chanucho!"

Anamukweza Nachisale, nam'mangirira kumsana kwa mwamuna wake ndi chitenje. Apongozi ndi amayi ena anatsatira wapansi. Njinga inatsetsereka, inakwera, inalumpha mizu, nyimbo za pa sipika zili pamwamba. Atalowa m'dambo, mayiyu analuma mano.

"Abambo, zimitsani nyimbozo. Mutu ukung'ambika."

Anazimitsa. Abale, chimene anamva! Sanalinso mlendo waulemu uja. Anali ngati munthu wothyola chitseko ndi munsi. Gu! Gu! Gu! Kenaka khwee, utsi tolo, njinga njii pakati pa dambo. Anaponda kiki, kiki ngati chitsa. Anapondanso. Amakaniko amati injini yanoka. Yauma, yatha.

Kunangotsala achule ndi kubuula kwa Nachisale. Chapatali, pamwamba pa mitengo, denga lomwe lija la chipatala.

Anamukhazika mkazi wake pa chulu, nathamanga, matope m'mawondo. Kumtunda kunali nyumba ya mkulu wina wa ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Chitseko chotseka chifukwa cha mvula.

"Odi! Odi kuno!"

Zii. M'katimo wailesi ili pamwamba, mpira ukuulutsidwa, anthu akukuwa.

Anagogoda. Go go go. Palibe. Anagogoda ndi nkhonya, anagogoda ndi mwala, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Pamenepo ndi pamene anadziwa kuwawa kwake kwa kuima pakhomo uli ndi mawu a moyo, wam'kati atakweza nyimbo.

Mwamwayi mpira unafika popumulira, wina anatsitsa wailesi. Mkulu uja anasuzumira.

"Aa, ndinu a sipika? Bwanji osagogoda?"

Mkuluyo anamanga ng'ombe, nakamunyamula Nachisale pa chulu paja. Koma ng'ombe ilibe giya, abale. Imayenda mmene inayendera agogo ake. Apongozi ndi amayi aja anawapeza panjira, ndipo ngolo isanatuluke m'dambo anaiimitsa, naitchinga ndi zitenje. Amuna anathamangitsidwa.

Bambo wosakhazikika uja anaima kuseri kwa mtengo wa mkuyu, chilili ngati mtondo. Mwendo sunanjenjemere. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anatchera khutu ndi thupi lonse. Amayi akunong'onezana. Kenaka chete. Chete wautali, wofanana ndi wa pa machira paja. Anagwada m'matope, pakamwa pakuyenda popanda mawu.

Ndiye kamawu kanamveka. Ng'aa! Ng'aa! Nthungululu zinang'amba dambo.

Mwana anali wamwamuna, ndipo mayi ndi mwana anafika kuchipatala ali moyo. Pa tsiku lotcha dzina, apongozi sanafunse munthu.

"Uyu ndi Odini. Bambo ake akamamuitana, aziphunzira kuyankha."

Njinga ija ilipo mpaka lero kuseri kwa nyumba, yowala bwino, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mawu aja akuti ZONSE NDI NTHAWI akuwerengekabe.

Tsono abale ndi alongo, mwaseka mokwanira, tiyeni tibwere kwathu. Njinga ija ndi moyo wako. Unaulandira kwa Mwini wake ndi malangizo, iwe n'kuti ndamva, ndamva, phazi lili pa kiki. Kunja watsuka, yunifomu yasitidwa, nsapato zikuwala. Koma m'katimo muli kamawu. Kamati chitenje chija si cha mkazi wako. Kamati m'bale wako uja sunalankhule naye chichokereni maliro a mayi. Ameneyo ndi Ambuye, akugogoda mwaulemu, pakuti Iwo sathyola chitseko.

Ndipo iwe umatani? Umagula sipika. Wina sipika yake ndi bizinesi, wina ndi botolo, wina ndi foni. Wina ndi kwaya yeniyeniyi, kuimba mokweza kuti asamve za mumtima. Kugogoda sikunathe, wangokutsekera kunja. Ukudziwa wekha, nchifukwa chake sukhazikika.

Bambo uja anapeza ngolo. Si dambo lililonse lili ndi ngolo kumtunda, ndipo si wailesi iliyonse imatsitsidwa pa nthawi yake. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Usadikire kuti udzamve uli pakati pa matope, utabereka moyo wa anthu ena kumsana.

Lero lomwe, tsitsa sipika. Khala pansi tsiku limodzi, akutsegule, akukonze. Mlendo uja akadali pakhomo, ndipo akudikira mawu amodzi okha. Odini.