Alonda amene anamanga wotseka madzi

Panali munthu wina amene anali ndi munda wa mpunga kumunsi kwa damu. Madzi ankalowa m'mundamo kudzera pa kachitseko kachitsulo, ndipo wotsegula ndi kutseka anali mkulu wina, a Gwedeza. Akatsegula, mpunga unkamwa. Akatseka, unkapuma.

Chaka china kunabwera wakuba. Anathawa, koma anthu anaona kuti anavala jekete yachikasu. Mwini munda analemba alonda n'kuwauza kuti, "Mukaona jekete imeneyo musafunse. Gwirani."

Alondawo anali okhulupirika.

Nyengo yozizira itafika, a Gwedeza anagula jekete yachikasu pa kaunjika. M'mawa mwake atangotsegula madzi, alonda anawambwandira n'kuwamangirira kumtengo.

"Ana inu, ndine Gwedeza! Si dzulo lomweli tinadyera limodzi chinangwa?"

"Madala, ife nkhope sitidziwa. Timadziwa jekete."

"Ndiye katsekeni madziwo!"

"Imeneyo si ntchito yathu."

Madzi anakhamukira m'munda onse nthawi imodzi. Anagumula mizere, mbande zinayandama, paliponse thovu lokhalokha. Mwini munda anathamanga ndi chikwanje kufuna mdani. Anazungulira mpanda wonse, osapeza pothyoka. Kenako anaona alonda ake ataimirira monyadira, mkulu uja ali pachingwe. Apo m'pamene anazindikira kuti mdani sanachokere kunja.

Sanawachotse ntchito, poti akuba anali akadalipo. Anawakhazika pansi, nadula chingwe. A Gwedeza anakatseka chitseko, madzi n'kuphwa.

Abale anga, m'mutu mwa munthu muli tizitseko tosawerengeka, tosaoneka ndi maso, totsegula ndi kutseka mphamvu ya ubongo. M'magazi muli asilikali oteteza thupi ku matenda. Nthawi zina asilikaliwa amasokonezeka n'kugwira tizitseko tija ngati mdani. Mphamvu imasefukira, munthu amagwa, kuphupha, thovu kukamwa. Si khunyu lonse limabwera chonchi, koma lina limatero, ndipo madokotala amatha kuyeza n'kupereka mankhwala okhazika asilikaliwo pansi.

Ine ndikaganiza zimenezi ndimangoti kakasi. Ntchito yonseyi ikuchitika mwa iwe tsiku ndi tsiku, iwe osamva kanthu. Ambirife, mwana akagwa, tinathamangirapo kuloza chala mnansi wosalakwa, Mulungu atikhululukire. Iwe wako akagwa, usanole chikwanje. Mugoneke cham'mbali, usamuike kanthu m'kamwa, kenako umunyamule mupite kuchipatala.