Machubu Ong'ambika ndi Botolo Losatsegulidwa

Panali anthu awiri, Bambo Kathumba ndi Mayi Nasibeko, amene analembedwa ntchito ndi bungwe la alimi obzala mitengo. Wapampando wa bungwelo anali Aphunzitsi Mbendera, amene anali atapuma pa ntchito ya kusukulu.

Ntchito yawo inali yopanga machubu ofeseramo mbande. Sanali machubu akuda aja amene amatsalira m'munda zaka ndi zaka, mbuzi n'kumameza. Awa anali oti mlimi abzale mbande pamodzi ndi chubu chake, chubucho n'kuwolera m'nthaka. Ankasakaniza zinthu ziwiri: pulasitiki wotha kuwola, amene ankabwera m'matumba ngati timikanda, ndi ufa wosalala wa chinangwa. Mayi Nasibeko ankayeza pa sikelo. Bambo Kathumba ankayendetsa makina osungunula.

Machubu oyamba anatuluka okongola, osalala, mtundu umodzi. Koma alimi atathiramo dothi ndi kuthirira masiku atatu, anayamba kung'ambika. Munthu akanyamula, pansi pankatseguka, mbande n'kugwa mizu ili pamtunda. Kunali kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti mvula igwe.

Bambo Kathumba anayankhula pamaso pa alimi onse. "Pulasitiki akupita kuti? Mayi awa akuchulukitsa chinangwa kuti matumba ena atulukire kuseri."

"Bambo, ndili ndi ana akuluakulu, musandiyalutse," anatero Mayi Nasibeko. "Anthu afunse amene amathira zinthu makina asanatenthe."

Kuyambira tsiku limenelo moni unatha. Bamboyo anayamba kulemba zizindikiro pamatumba ndi khala. Mayiyo akakhala pa benchi kutchalitchi, anzake ankasendeza zikwama zawo. Ena anati achotsedwe ntchito Loweruka lisanafike.

Aphunzitsi Mbendera sanakhulupirire aliyense mwa awiriwo, ndipo anachita bwino. Analamula kuti matumba otsala ayezedwe. Palibe chimene chinasowa. Anaima pambali pa makina m'mawa wonse. Kutentha kunali koyenera. Kenako anatenga chubu chimodzi, nachiyang'ana pa dzuwa. Munali timadontho toyera ta ufa, ndipo paliponse pamene panang'ambika panayambira pa kadontho.

"Izi sizinagwirane," anatero. "Zangokhala malo amodzi."

Anatsegula kabati, napezamo botolo limene linabwera pamodzi ndi pulasitiki, losatsegulidwa. Pepala lake linkanena kuti ufa umamwa madzi pamene pulasitiki amawakana, choncho paokha sizigwirana. Mankhwala a m'botolomo ndiwo amagwira ufa mbali ina, pulasitiki mbali ina. Muyeso wake unali kakapu kamodzi pa thumba.

"Bambo Kathumba, ichi n'chiyani?"

"Zimenezo n'za amalonda, Aphunzitsi. Ine ndasakaniza chakudya cha nkhuku zaka khumi ndi zisanu. Gaga, soya, usipa. Mtundu ukakhala umodzi, zasakanizika basi. Kakapu kamodzi kangachite chiyani m'thumba lonse?"

"Chakudya cha nkhuku sichinyamula dothi. Nanga inu Mayi, pepalali munaliwerenga?"

"Ndinawerenga."

"N'kukhala chete?"

"Makina ndi awo. Ndinati ndisalowerere."

Aphunzitsi anatsegula botolo okha, nayeza kakapu, nalamula kuti makina ayatsidwe. Machubu atsopano atazizira, anaitana alimi. Anakhoma misomali iwiri pa mtanda wa chitseko. Pa wina anapachika chubu chakale, pa wina chatsopano, ndipo ku chilichonse anamangirira njerwa. Chakale chinaduka nthawi yomweyo, njerwa n'kugwa. Chatsopano chinatamuka pang'ono, n'kuima. Anawonjezera njerwa yachiwiri. Chinaimabe.

Tsono ndiyambe ndaima kaye pa nkhaniyi. Tamverani, inu akhristu a ku Kaphiri ndi inu a ku Dambo amene ndikukufotokozerani nkhaniyi. Chaka chatha munaphatikizidwa kukhala mpingo umodzi. Yunifolomu ya amayi ndi imodzi, buku la nyimbo ndi limodzi, ndipo mlendo akalowa amati mwagwirizana. Ine sindikhulupirira zimenezo. Denga la tchalitchi litafunika kukonzedwa, munang'ambika pakati penipeni, ndipo mbali iliyonse ikufuna wakuba kumbali inayo. Wakuba mwina palibe. Chimene munatsekera m'kabati n'chaching'ono: kutsata zimene munalemberana, ndi kuuzana zoona pamaso nthawi ikadalipo. Ena mwa inu mumati mukudziwa kale. Ena mumaona cholakwika n'kunena kuti si zanu. Nonse muli ndi mlandu. Musandionetse mtundu wa nsalu. Ndionetseni njerwa imene mwanyamula limodzi.

Tibwerere ku nkhani ija: chigamulo cha Aphunzitsi chinali chotere. Bambo Kathumba abweze mawu awo pamaso pa anthu omwe aja amene anawamva, ataimirira, mokweza. Mayi Nasibeko si wakuba, ntchito apitirize, koma adzudzulidwe chifukwa chokhala chete pamene mbande zinali kufa. Ndipo chubu chilichonse chisatuluke pakhomo paja machubu a tsikulo asanayesedwe ndi njerwa.

Mayi Nasibeko anavomera, misozi ili m'maso. Alimi anavomera. Bambo Kathumba nawonso anavomera, ndipo mawu anabwezadi. Koma kiyi wa kabati Aphunzitsi anaika m'thumba la jekete lawo, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera okha kudzaona kakapu kakuthiridwa.