Gologolo ndi Phoso la pa Holide

Kalekale, nyama zisanasiye kulembana ntchito, Gologolo ankagwira pa esiteti ya mtedza ya Njati. Nthano iyi ati ndi yoseketsa. Ofuna kuseka sekani, ine ndingoinena mmene ndinaimvera.

Malipiro pa esitetipo anali phoso. Ukaweruka madzulo, kapitawo Fisi ankakuthirira chikho cha mtedza, basi uzipita. Gologolo ankanyamula mtedzawo kupita nawo kumphako kwake, kumene kunali mkazi wake ndi ana awiri, Kamchira ndi mng'ono wake Kadontho. Chikhocho chinkatha tsiku lomwelo, osatsalako ndi khoko lomwe.

Tsono Mfumu Mkango inaika masiku a holide, ndipo lamulo lake linali lomveka: pa holide wantchito apume koma phoso alandire, ndipo akamugwiritsa ntchito alandire kawiri. Njati lamuloli ankalidziwa bwinobwino, kungoti anali ndi lakelake.

"Pano ndimalamula ndine," ankatero uku akubzikula. "Manja akapuma, mimba nayo ipume."

Wodandaula ankachotsedwa ntchito. Amithenga a mfumu akabwera kudzayendera ankangothera pakhonde la Njati, n'kubwerera matumba ali tho.

Choipa n'chakuti maholide ambiri ankagwa m'miyezi ya njala, mvula ili pakati, m'tchire mulibe ndi chipatso chomwe. Holide ina inagundana ndi Lamulungu, masiku opanda phoso n'kutsatizana. Kadontho, amene anali wodwaladwala kale, sanalione tsiku lotsegulira ntchito. Anamuika patsinde pa mtengo wawo womwewo, ndipo m'mawa mwake Gologolo anatenga kakhasu n'kukapalira. Sanalire. Uja ankaseketsa anzake mpaka kugwetsa makasu anangokhala duu, maso ali gwa, ngati munthu amene wadzutsidwa pakati pa tulo.

Holide ina itayandikira, mkazi wake anamuitana.

"Bambo a Kamchira, mwana watsalayu mukumuona nthitizi? Akapitiriza kugona ndi njala, tikumbanso patsindepo."

"Ndamva," anatero Gologolo.

Tsiku loti mawa ndi holide, anapempha kuti akasese m'nkhokwe. Kusesa anasesadi, koma masaya akewo anawadzaza mtedza mpaka nkhope inachita ngati dzungu. Pageti Fisi anamuimitsa.

"Iwe, masayawo atani?"

Gologolo analoza dzino n'kubuula, "Mmm."

"Dzino? Pepa, mphwanga. Koma pano palibe amatuluka osatsanzika. Tanena kuti tsalani bwino akapitawo."

"Tsa..."

Mtedza uja kuti waa, pansi! Anamukwapula ndi chikoti anzake akuyang'ana kumbali. Iye ankangoyang'ana mtedza uli mbwee m'matope, Fisi akutola n'kumaponya m'kamwa mwake. Zikoti zija ankazimva ngati zikugwera wina.

M'mawa wa holideyo Gologolo anakadikira panjira Kakowa, mbalame yoyera ija imene inkachotsa nkhupakupa pamsana pa Njati tsiku ndi tsiku.

"Achimwene, mwalawirira kuti?"

"Kwa abwana, kuntchito."

"Lero? Ha! Simunamve? Asilikali a mfumu akugwira aliyense wogwira ntchito pa holide. Mbalame akumazithothola nthenga, kuzisiya ngati nkhuku ya pamsika."

Kakowa anayang'ana nthenga zake zoyerazo, n'kutembenuka osatsanzika n'komwe. Pofika masana nkhupakupa zinali zitamukuta Njati m'makutu, m'khwapa, ngakhale kumalo osatchulika. Anadzikhula pamitengo, anagubuduka m'matope, akukuwa dzina la Kakowa. Gologolo anakakhala panthambi n'kumaonerera.

"Bwana," anatero, "zikuoneka kuti nkhupakupa sizinamve lamulo lanu. Mimba zawo sizikupuma."

"Choka apa, kagologolo iwe!" Njati anagunda mtengowo ndi mutu mpaka masamba kuyoyoka. Koma nkhokwe sanatsegule. Tsiku limenelo Kamchira anangomwa madzi, ndipo m'mawa mwake analephera kukwera nthambi imene ankaseweretsapo mchira masiku onse.

Inatsala holide yaikulu, Tsiku la Chikumbutso, lokumbukira nyama zimene zinapsa pa moto waukulu wa m'tchire. Mayi ake a Mkango anali m'gulu la opsawo. Pa tsikuli khasu silinkagwidwa, monga zimakhalira pamudzi pakagwa maliro. Nyama zinkasonkhana pabwalo la m'chigwa, ndipo mfumu ikaweramitsa mutu, aliyense ankakhala chete, ngakhale wachifuwa ankameza chifuwa chakecho.

Gologolo anapita pakhonde la Njati, nanjuta, naomba m'manja.

"Zikomo bwana."

"Wabweranso, mbava iwe?"

"Ndabwera kudzapepesa, bwana, komanso ndakutengerani nzeru. Munda wanu wa kuphiri uja udzu waumiza. Udzu sudziwa holide. Ifenso tili ndi njala. Tipatseni makasu mawa tikapalire, mudzangotithirira theka la chikho."

Njati anasiya kubzikula. "Theka?"

"Theka basi, bwana."

"Koma mawa ndi Chikumbutso. Ine ndikakhala pafupi ndi mfumu."

"Ndiye bwino kumene. Dziko lonse likakhala kubwalo. Kuphiri atione ndani?"

Njati, ndi chithupi chakecho, anali asanakwereko kuphiriko. Sankadziwa kuti mundawo ndi wamiyala yokhayokha, komanso kuti uli pamwamba penipeni pa bwalo la mfumu. Anachotsa kiyi wa sitolo amene ankamupachika panyanga, n'kutulutsa makasu onse.

M'mawa mwake antchito anakwera phiri, Mbewa, Nungu, Fuko ndi ena.

"Musayambe," anawauza Gologolo. "Mudikire ndikuuzeni."

Anakwera mumtengo n'kusuzumira kuchigwa. Anamuona Njati atakhala kudzanja lamanja la mfumu, atamanga nsalu yakuda, nkhope yachisoni yobwereka ili pamalo pake. Ng'oma inaleka. Mkango anaweramitsa mutu. Chigwa chonse chinangoti zii.

"Tsopano," anatero Gologolo. "Musalime dothi. Menyani pamwala."

Ngwee! Ngwee! Ngwee! Phokoso la makasu linatsika phiri n'kukagwera pakati penipeni pa bwalo. Mkango anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Njati anayamba kutuluka thukuta, kunja kuli mitambo.

Asilikali anawatsitsa onse, makasu ali m'manja.

"Wakutumani ndani kulima pa tsiku la mayi anga?" anafunsa Mkango, mawu ali pansipansi.

Njati analumphira. "Mfumu, ine awa sindikuwadziwa! Apita okha, mwano chabe. Ine ndili pano kulira nanu limodzi."

"Ambuye," anatero Gologolo, "taonani mipiniyi. Chizindikiro chowotcha ichi n'chayani? Makasuwa amagona m'sitolo, ndipo kiyi wake ndi uyo akulendewera panyanga ya abwana."

Bwalo lonse linatembenukira kunyangako. Njati anayesa kupendeka mutu kuti abise, kiyi uja n'kulira ngwenjere.

"Chabwino," anatero Mkango. "Nanga inu munavomera bwanji? Phoso la holide mumalandira muli khale, khasu mumalifuniranji?"

Mbewa anayang'ana pansi, Nungu anayang'ana Njati. Mfumu inafunsanso.

"Sitinalandirepo, ambuye," anatero Gologolo. "Abwana amati manja akapuma mimba ipumenso. Ya mwana wanga wamng'ono inapumadi."

Anazinena ngati akunena za mvula imene inagwa dzulo. Bwalo linakhalanso chete, ulendo uno popanda wolamula.

Mkango anagamula pomwepo. Phoso la tsikulo liperekedwe kawiri, la maholide onse apitawo libwezedwe, ndipo wantchito aliyense akachotsedwa chifukwa cha mlanduwu, Njati adzayankha yekha pamaso pa mfumu. Amithenga aja a matumba odzadza anauzidwa kuti atsale kaye.

"Koma iwe Gologolo," inatero mfumu, "sindine mwana. Miyala ija waimenya dala, pa nthawi imene ndimakumbukira mayi anga. Gona pansi."

Gologolo anagona. Zikoti zinagwera pa zipsera za tsiku lija. Sanakuwe, sanapepese, anangodzuka n'kukaima pamzere.

Kunkhokwe kunali chikondwerero. Nungu ankavina mpaka minga kuthothoka, Fuko ankaimba ngakhale alibe mawu, ndipo Fisi ankathira mtedza nkhope ili ngati wamwa mankhwala owawa. Anzake anafuna kumunyamula Gologolo paphewa.

"Seka tsopano, achimwene, tawina!" anatero Mbewa.

Iye anangotambasula tsamba pamaso pa Fisi. "La holide ija inagundana ndi Lamulungu mundithirire padera."

Analimanga bwinobwino ndi luzi. Atafika kumphako, Kamchira anadya mpaka kugona tulo mtedza uli m'manja. Mkazi wake anakhala akumuyang'ana mwanayo akupuma, kenaka anaona kaphukusi kaja.

"Nanga aka?"

"Aka n'ka Kadontho," anatero Gologolo. "Kangochedwa."

Anatsika mumtengo, nakumba patsinde paja ndi zikhadabo, nakwirira kaphukusiko, napondaponda dothi. Kenaka anakwera kukagona, poti mawa linali tsiku la ntchito.

Mpaka lero, mukaona gologolo akukwirira mtedza pansi n'kuchoka osadzaufukulanso, anthu amati ndi woiwalaiwala. Ayi ndithu, sanaiwale. Ndipo amene simunaseke pa nkhupakupa paja, pepani, nthano yatha.