Mbale Yovundikira pa Chipata cha a Pang

Akuluakulu a banja la Tao amasimba kuti makolo awo anachokera kumpoto kwa dziko la China, kuthawa nkhondo ya anthu a pa akavalo, ndipo amene anawatsogolera mpaka kufika m'chigwa chimene akukhalamo lero anali Tao Gen. Gen anabereka Meng, mmisiri woumba mbiya, ndipo Meng anabereka ana awiri okha, wamkazi Shuyin ndi mlongo wake wamng'ono Anlu. Mwambo wa masiku amenewo unali wouma kwabasi. Wosesa manda a bambo ndi kuperekapo nsembe ya mpunga anali mwana wamwamuna yekha, pakuti mwana wamkazi akakwatiwa ankawerengedwa wa mizimu ya kwa mwamuna wake. Munthu wopanda womusesera, ankati mzimu wake uzingoyendayenda ndi njala mpaka kalekale.

N'chifukwa chake Anlu atameta mpala n'kukhala mmonke wa Chibuda, mtima wa Meng unasweka, ndipo mkuluyo sanakhalitse. Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, Anlu anapita kukatsanzika mlongo wake, amene anali atakwatiwa kubanja la a Pang kuseri kwa phiri. Anamufotokozera kuti mabuku a chiphunzitso cha Buda anafika ku China ali zidutswazidutswa, ena otsutsana okhaokha, choncho iye watsimikiza mtima kuyenda wapansi mpaka ku India kuti akamve mawuwo kumene anachokera.

"Ndiye bambo azidya chiyani?" anafunsa Shuyin.

"Achemwali, ulendowu ndi wothandiza zamoyo zonse."

"Bambo sali moyo, Anlu. Ine ndikufunsa za iwowo."

Anlu ananyamula mbale yake yopemphera chakudya n'kulowera kumadzulo.

Nyengo yosesa manda itafika, Shuyin anaona mabanja akukwera phiri ndi matsache ndi madengu a mpunga, ndipo anaganiza za manda a Meng ali m'thengo. Ananamizira kukatola nkhuni, anadutsa phiri, nakalambula mandawo ndi manja ake. Anachita zimenezi chaka choyamba ndi chachiwiri, koma m'mudzi mulibe chinsinsi, ndipo nkhani inafika kwa apongozi ake aakazi. Gogoyo sanali woipa mtima monga ena amamunenera, anali wamantha chabe. Ankaopa kuti mizimu ya a Pang ichita nsanje ikamva kuti mpunga wa m'nyumba yawo ukudyedwa ndi mzimu wachilendo, ndiye anamuuza mtengwayo kuti asankhe pakati pa banja ndi manda. Mwamuna wa Shuyin, munthu amene sanatsutsepo mayi ake ngakhale pa nkhani ya mchere, anangoyang'ana kumbali.

Shuyin ankayesa kuti akungomuopseza, ndipo chaka chachitatu anapitanso. Pobwera anapeza katundu wake ali kunja kwa chipata. Mwana wake wamkazi wa kumsana, Meilan, anamulola kupita naye, koma wamwamuna, Ruo, amene anali atangophunzira kumene kuyankhula, anatsala chifukwa anali wosesa manda wa a Pang. Kulira kwa Ruo kuseri kwa chipata chija kunamukhala Shuyin m'makutu moyo wake wonse.

Anamanga kanyumba pafupi ndi manda a bambo ake, ndipo ankadzidyetsa ndi kuluka nsapato za udzu zogulitsa kwa apaulendo. Aliyense wopita kumadzulo ankamupatsira zina zapadera, kuti akakumana ndi mmonke wamakutu aakulu wotchedwa Anlu akamupatse. Mayiyu ankaganiza kuti India ndi dera longa la kumsika, kumene anthu amakumana ndithu. Mlongo wakeyo ankamutukwana m'mawa, madzulo n'kumamulukira nsapato.

Anlu anadutsa zipululu zopanda dontho la madzi ndi mapiri a chisanu choyera, anafika ku India, anaphunzira chinenero cha kumeneko, ndipo anabwerera ali wa makwinya, akavalo ake atasenza mabuku. Kulikulu la dziko anamulandira ndi ng'oma. Anabweranso ndi timbewu ta mtengo wonga kachere umene amati Buda anakhala patsinde pake pamene anazindikira choonadi. Amonke otchuka anadzala timbewuto m'minda ya akachisi awo, koma palibe ndi kamodzi komwe kamene kanamera, mpaka kanatsala kamodzi kokha.

Atatha zonsezi m'pamene anakumbuka kwawo. Ankayembekezera kupeza chitsamba chokhachokha, koma anapeza manda oyera ngati pabwalo pa mwini nyumba waukhondo, ndi nkhalamba yowerama ikusesa. Shuyin anamuyang'ana makutu, anamuyang'ana mapazi, ndipo anamupatsira tsache.

"Kwatsala kumutu uko," anatero.

Munthu amene nduna zinkamugwadira anasesa, mlongo wake akumuloza paliponse pamene wasiya zinyalala. Ali mkati mosesa anafunsa za alamu ake ndi za ana awo, ndipo anayankha ndi Meilan, amene tsopano anali ndi ana akeake. Anlu atamva zimene ulendo wake unawonongetsa mlongo wake, anakhala pansi n'kulira poyera, osachita manyazi.

M'mawa mwake anadutsa phiri nakaima pa chipata cha a Pang ndi mbale yake. Gogo uja ndi mwana wake anali atamwalira kale, ndipo mwini khomo anali Ruo, amene anakula akuuzidwa kuti mayi ake anamuthawa. Banja lonse linasangalala kuti mmonke wotchuka chotere wasankha khomo lawo, pakuti kuika chakudya m'mbale ya mmonke linali dalitso lalikulu. Koma Ruo atayandikira ndi mpunga, Anlu anatembenuza mbaleyo n'kuivundikira pansi. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: mmonke wakana mphatso za nyumba imeneyo, ndipo panalibe manyazi oposa amenewo. Anlu anabweranso mawa lake ndi mkuja wake, mbale ili chivundikire, osalandira chakudya kwina kulikonse.

"Ambuye, talakwanji?" anafunsa Ruo atagwada.

"Ine ndine malume ako, ndipo wolakwa woyamba ndine. Mayi ako sanakuthawe, anapirikitsidwa chifukwa chogwira ntchito imene ndinaisiya ine. Ali moyo kuseri kwa phiri ili. Mbale iyi akaivundukula ndi iwowo."

Ruo ananyamula mbaleyo ili chivundikire, ndipo anayenda pambuyo pa malume ake. Shuyin atamuona sanafunse kuti ndi ndani, pakuti mayendedwe anali a Meng. Anamugwira kumaso ndi manja ake okhakhala aja, namufunsa ngati wadya. Kenaka anavundukula mbale n'kuthiramo mpunga wa nsembe umene anakonzera bambo ake, nati mkuluyo sangadandaule kugawana ndi mwana wake wosochera.

Tsiku lomwelo Anlu anapereka kambewu kotsala kaja. Shuyin anakakwirira kumutu kwa manda, Ruo anathirapo madzi, ndipo dzuwa lisanalowe panatuluka masamba awiri.

Kuchokera kwa Meilan kunabadwa mbumba imene inatenga dzina la Tao, ngakhale kuti mwambo sunkalola kuti dzina liyende kuchikazi. Akuluakulu awo amati mtengowo ulipobe, ndipo sugwetsa masamba ngakhale chisanu chitavuta bwanji. Patsinde pake pali mwala wooneka ngati mbale yovundikira. Nyengo yosesa manda ikafika, ana aakazi a banjali amabwera kuchokera konse kumene anakwatiwa, ndipo palibe mwamuna amene amaloledwa kugwira tsache iwo asanayambe. Akaziwo amasiyira amuna kumutu kokha.