A Chigoba Akudikirabe Madzi

Ndikati kalekale, musaganize za nthawi ya agogo a agogo anu ayi. Ndikunena nthawi imene dziko lidali laliwisi, udzu kulibe, maluwa kulibe, ngakhale mbalame yoti n'kudzutsa munthu m'mawa. Mapiri ankangosanza moto, ndipo pafupifupi aliyense wamoyo ankakhala m'madzi.

M'dziwe lina la m'mphepete mwa nyanja yamchere munkakhala nsomba ziwiri zapachilamu, Chigoba ndi Nachipsepse. Chigoba adali ndi mutu wokutidwa ndi mafupa olimba ngati phale, ndipo pa mwambo wa makolo sankagonjera aliyense. Nachipsepse adali mkazi wa malemu mng'ono wake, mayi wa tiana tambirimbiri, wa zipsepse zonenepa zokhala ndi mafupa m'kati. Awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku chifukwa mayiyu ankakonda kutulutsa mutu kunja kwa madzi n'kumameza mpweya.

"Mlamu, kodi manyazi mudawasiya kuti?" ankatero Chigoba. "Nsomba yaulemu situlutsa mutu kunja. Inu mukungoti phwa! phwa! ana akuona, ndipo nawonso ayamba."

"Alamu, madzi akatentha ine ndimabanika," ankayankha Nachipsepse. "Mpweyawu ngwaulere. Talawani pang'ono."

"Ndilawe ine? Nditayeni!"

Tisawanamizire a Chigoba, mwambo wawo udali ndi maziko. Tsiku lililonse nyanja inkaphwa n'kubwereranso, ndipo dziwe lija linkachepa n'kudzazanso. Makolo adasiya mawu akuti madzi akamachepa, tsikira pakuya, tseka pakamwa, udikire. Chiyambire mawuwo adali asadagwiritsepo aliyense fuwa la moto.

Koma tsiku lina nthaka idagwedezeka koopsa. Dziko lidatukumuka ngati chigumu chikamapsa, ndipo pakati pa dziwe ndi nyanja padadzuka chitunda chachikulu. Madzi adaphwa monga mwa masiku onse. Nthawi yobwerera itakwana, kudangoti zii.

M'mawa mwake padatulukira Bongololo, amene mtundu wake udasamukira kumtunda kale, mkulu wosasunga nkhani m'mimba. "Odi kumadziko!" adafuula. "Ndazungulira konse ndi miyendo yanga yonseyi, ndipo nyanja yanu ija yatsekeredwa, sibweranso kuno. Koma kuseri kwa kamtunda ako kuli dambo la madzi ozizira, mutalimba mtima mutha kukafika."

"Tamumvani uyu!" adaseka Chigoba. "Wothawa kwawo atiphunzitse za madzi ife? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi apita, madzi abwera." Atatero adatsikira pakuya n'kutseka pakamwa.

Dzuwa lidawomba, dziwe lidapitirira kuchepa, madzi adasanduka phala. Nachipsepse adadikira nawo chifukwa cha ulemu, mpaka kamwana kake kena kadatembenuka chagada n'kusiya kupuma. Mayiyu adalira, ndipo mantha adamugwira poona ena otsalawo ali wefuwefu. Adapita kwa mlamu wake.

"Alamu, ine ndikunyamuka ndi anawa. Tiyeni tonse, chonde."

"Pamtunda? Ana a mng'ono wanga akakwawe ndi mimba ngati Bongololo? Sindilola!"

"Pepani alamu, ana ndi akuchikazi," adayankha Nachipsepse. "Ndaika mmodzi, sindiikanso wina."

Ulendo wake, abale, udali wochititsa manyazi. Mayi adatsamira pa zipsepse zija, n'kudzikankha, n'kugwa chamimba, phwa! kumeza mpweya, n'kudzikankhanso. Tiana tidatsatira pambuyo tikupepesuka uku ndi uku. Bongololo ankatsogolera, koma kuseka kudamuchulukira moti ankangodzipinda panjira, ndipo ena amati chizolowezi chodzipindacho adachiyambira pomwepo.

"Amayi, zipsepse zikuwawa!" tidalira tiana.

"Ziwawe, ndiye kuti zikugwira ntchito. Kankhani!"

Dzuwa lisadapendeke adafika padambo paja, mimba zitasupuka, ndipo onse adangoti chubwi m'madzi ozizira. Nachipsepse adawerenga ana ake n'kupeza kuti onse alipo. Wina akadakhala pomwepo n'kumapuma, koma iye mtima udali kwa mlamu wake. M'mawa mwake adakwawanso kubwerera.

Adapeza dziwe lasanduka matope okhaokha, Chigoba atamira m'matopemo, mutu uli pansi. Adayesa kumukankha, adayesa kumukoka, koma chigoba chonyaditsa chija chidali cholemera ngati mwala wamphero.

"Ana afika bwino?" adafunsa Chigoba ndi mawu otsika.

"Afika onse, alamu."

"Chabwino." Kenaka adafunsanso kuti, "Mlamu, mpweya uja mumati umakoma bwanji?"

"Tukulani mutu mulawe!"

Chigoba adayesa, koma mutu umene sudatukulidwepo chibadwire udakana. Ndiye poti mkulu safuna kuoneka wogonja, adati, "Iyayi, ndangosintha maganizo. Inu pitani kwa ana. Madzi akabwera mudzandiuze." Nachipsepse adabwerera akulira njira yonse.

Pasadapite nthawi phiri lidalavula phulusa n'kukwirira dziwe lonse. Matope adauma, pamwamba padaunjikana matope ena, ndi enanso, mpaka zonse zidasanduka thanthwe. Masiku ano okumba miyala akaswa thanthwe lotere amawapeza a Chigoba ali gone m'katimo, mutu uli pansi, pakamwa pali potseka mwaulemu wake.

Kudambo kuja, ana a Nachipsepse adabala ana, anawo adabalanso awo, ndipo m'mibadwo yosawerengeka zipsepse zija zidakula n'kukhala miyendo. Ena mwa adzukulu ake adasanduka abuluzi, ena adamera nthenga, ena ubweya. Inunso amene mwaseka kuyenda kwa mayiyu, tatambasulani dzanja lanulo muliyang'ane bwinobwino, chifukwa mwaseka agogo anu.

Mwa adzukuluwo, achule okha ndiwo sadapite kutali ndi madzi, ndipo uthenga uja adausunga. Mvula yoyamba ikagwa, madambo n'kudzaza, mudzawamva akufuula onse pamodzi osapuma. Amakhala akuitana a Chigoba kuti madzi abwera, koma mpaka lero palibe amene adayankha.

Phunziro: Mwambo wa makolo ngwabwino, koma makolowo adauika poona dziko la nthawi yawo. Dziko likasintha, tukula mutu uone, ndipo usaseke mnzako amene akuphunzira kuyenda mwatsopano ngakhale akugwa chamimba.