Diso Lina pa Laputopu, Lina pa Mdala

Kuseri kwa msewu waukulu kunkakhala munthu wina wokonza mafiriji, amene aliyense ankangomutcha Firiji. Khonde lake linali lodzaza ndi zitseko za mafiriji akufa, mawaya ndi mabotolo a gasi. Pakati pa zonsezi panali mpando wapulasitiki pomwe ankaothera dzuwa bambo ake, mdala amene mutu unali utayamba kutaya zinthu. Iwo anakalambira pa ntchito ya ukondakitala wa basi, ndipo masiku ena ankavala jekete n'kumati achedwa kudepoti. Geti likangotseguka, ankatuluka ngati madzi opeza mng'alu.

Loweruka lina masana, mkazi wa Firiji anaima pakhomo akupita kuntchito.

"Apongoziwa lero adzuka ndi za depoti m'mutu. Geti likhale lokiya, chonde."

"Ndamva, mayi. Bambowa ndi anga, zosachita kundiuza kawiri."

Pasanapite nthawi anatulukira mng'ono wake, dalaivala wa mathiraki, atakolekera chikwama paphewa. Firiji anamutsegulira, ndipo m'chisangalalo cha malonje geti lija anangolikankha ndi phazi, loko n'kutsala lendelende.

"Achimwene, mukuchikumbukira chimakina chija cha m'sitolo yapakona, chimene tinkajombera nacho sukulu?" anatero Dalaivala akutulutsa laputopu. "Ndachipeza pa intaneti. Pali tsamba lina limene amaukitsako magemu akufa. Ungotsegula basi, gemu n'kuyamba."

Pasikirini yakuda panaoneka makoma oyera okhotakhota, ndi tizinthu tiwiri: kabokosi ndi kamtanda. Kabokosi n'kothamangitsa, kamtanda n'kothawa, ndipo makomawo ankasuntha okha, njira imene unali kuidalira n'kutsekeka ukuona. Tiwirito tikayandikana, makina ankalira mofulumira ngati mtima wa mbalame yogwidwa. Pa ubwana wawo wonse Firiji sanamugwirepo mng'ono wake pa gemu imeneyi, ndipo munga umenewo unali usanazuke.

Anakhala patebulo mapewa atagundana, kiyibodi imodzi manja anayi, wina mabatani a mivi, wina a zilembo. Firiji anatenga kabokosi, Dalaivala kamtanda.

"Tiyambe takiya geti, kapena mdala alowe m'nyumba," anatero Dalaivala.

"Ndikuwaona pawindopa. Diso lina kuno, lina uko. Yambitsa, usayambe kuthawa tisanayambe."

Ulendo woyamba kamtanda kanazemba. Wachiwiri khoma linatseka njira kabokosi katatsala pang'ono kugwira. Firiji anamenya tebulo, nati batani lake likuuma. Anasinthana malo, koma zinali chimodzimodzi. Dalaivala atasuzumira pawindo anaona mdala ataimirira, akumanga mabatani a jekete.

"Achimwene, avala jekete aja."

"Akumva mphepo. Khala pansi! Waona kuti ndayamba kukutentha ndiye ufune pothawira?"

Mng'onoyo anakhala, poti mawu a mkulu ndi mawu a mkulu. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Firiji. Makina analira, kuliralira, mpaka kulira kwake kunaphimba phokoso lina lililonse la panja. Kenaka kamtanda kanalowa m'njira yopanda potulukira, kabokosi n'kukakhalira pamsana.

"Ndakugwira! Lero ndakugwira, mwana iwe!" Firiji anadumpha mpaka mpando kugwa. "Bambo, bwerani mudzaone!"

Pakhonde panali zii. Mpando wapulasitiki unali wokha, geti lili yasaa.

Anatuluka chothamanga, Firiji atavala silipasi imodzi. Mayi wogulitsa tomato pakona anati sanaone munthu. Wometa tsitsi anatulutsa mutu m'kashopu kake, makina ali m'manja.

"Amdala a jekete aja? Adutsa kalekale. Andifunsa ngati basi yoyamba yanyamuka. Ndimayesa muli nawo pambuyo."

"Alowera kuti?"

Wometayo analoza kumsewu waukulu. Awiriwo anayang'anana. Inali nthawi imene magalimoto amathithikana, mathiraki, maminibasi ndi njinga zamoto zikulimbirana kampata kalikonse. Anathamanga m'mbali mwa msewu akusuzumira nkhope iliyonse ya imvi. Dalaivala ndiye anawaona.

"Awo! Pakati apo!"

Mdala anali ataima pa kamzere ka simenti kolekanitsa magalimoto opita ndi obwera, atakweza dzanja ngati akuimitsa basi. Mphepo ya mathiraki inkawakupiza jekete.

"Musakuwe, achimwene, adzidzimuka. Ndizungulire kuseri, ndiwagwire mwakachetechete."

Koma mantha alibe khutu. Firiji anali atalowa kale mumsewu, manja m'mwamba, akukuwa, "Bambo! Imani pomwepo! Bambo!"

Mdala anacheuka. Sanaone mwana wawo ayi. Anaona chimunthu chathukuta, maso ali psuu, chikuwathamangira. Anagwira thumba la jekete ngati muli chikwama cha matikiti, natembenuka kuthawira mbali inayo. Minibasi inalira mabuleki n'kuwaphonya pang'onong'ono. Wanjinga yamoto amene anali kuseri kwake sanawaone msanga. Anayesa kukhota, koma chogwirira chinawakola m'chiuno, ndipo anagwa paphula ngati thumba.

Msewu wonse unaima. Firiji anagwada n'kunyamula mutu wa bambo ake, koma iwo ankamukankha, akulira kuti, "Ndisiyeni, ndilibe kanthu ine, ndisiyeni!"

Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo pa msinkhu umenewo kuyendanso okha kunali kokayikitsa. Mkazi wa Firiji atafika sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munali kuti?" Mwamunayo akanati chiyani, bambo wa ndevu zake, kuti ankathamangitsa kamtanda?

Mankhwala opha ululu atagwira, mdala anatsegula maso n'kuyang'ana munthu amene anakhala pambali pa bedi.

"Pepani akulu, ndinu adokotala?"

"Ndine mwana wanu, bambo."

Iwo anapukusa mutu mwaulemu. "Ayi, musadandaule nane. Mwana wanga wamkulu abwera kudzanditenga. Ndi mnyamata wosamala kwambiri ameneyo, sanditaya."

Firiji anatuluka m'chipindamo, nakatsamira khoma la m'khonde la chipatala, mapewa akugwedezeka.

Mdala anabwerera kunyumba pa njinga ya olumala, ndipo kuyambira pamenepo sanapondenso pansi popanda womugwira. Ankawanyamula ndi Firiji yemweyo, kupita nawo kubafa ndi kubwera nawo, m'mawa ndi madzulo. Munthu uja ankati maso ake awiri akwanira ntchito ziwiri, koma akuluakulu anaona kale patali pamene ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa.